Maso Oyendayenda Pamaso pa Apongozi

Anzanga inu, chimwemwe chikachuluka chimapusitsa munthu, ndifunseni ine!

Munali m'ma 1990 muja, ine ndili skauti wa nyama ku Lupande. Tsiku lina njovu yaikazi inandithamangitsa m'tchire la tsanya, ndinapulumukira m'kangalande, iyo n'kumapondaponda mfuti yanga pamwamba panga. Kuchokera pamenepo, ngakhale nthambi ithyoke, mtima thi thi thi, thukuta kamukamu. Skauti wathunthu kuthawa chitsa!

Ndiye ku loji ina kunafika mayi wachizungu, dokotala wa maganizo, amene anamva za ine kwa bwana wathu. Anandikhazika pansi nati, "Kumbukirani njovu ija, koma maso anu azitsatira zala zangazi." Zala uku, zala uko, ine maso uku, maso uko. Poyamba ndinkaseka chamumtima, koma abale, titachita masiku angapo njovu ija inayamba kuchepa m'mutu mwanga mpaka kufanana ndi mbuzi. Ndinasangalala zedi! Pakampu panalibe amene sindinamuuze, ngakhale wosafunsa. Mayi uja atakwera ndege pa Mfuwe, ine ndinadziona kuti ndatsala dokotala wa chigwa chonse cha Luangwa.

Mwezi womwewo ndinapita kukaonekera kwa makolo a Estere, mtsikana amene ndinkafuna kukwatira, cha kufupi ndi Kawaza. Anandiperekeza amalume anga, a Chulu. Shati yosita, nsapato zonyezimira, koma tili pafupi kufika, njovu inalira kutsidya kwa dambo. Basi, mtima unayambanso ng'oma yake ija.

Anatiyalira mphasa. Patsogolo pathu panakhala a Sakala, amalume a Estere, eni mbumba. "Mwaswera bwanji, alendo?" Ine kukamwa kwauma gwa. Ndiye ndinati, ndivutikiranji chikhalirecho mankhwala ndikuwadziwa? Wondiyendetsera zala palibe, koma maso ndili nawo. Ndinayamba: uku, uko, uku, uko.

Kodi ndinayamba ndaona chimene chinali uku ndi uko? Ayi ndithu! Kumanzere kunali mayi ake a Estere, amene mwamwambo sindiyenera n'kuwayang'ana komwe, akuyamwitsa mwana wawo wotsiriza. Kumanja kunali njinga yatsopano ya a Sakala. Apongozi, njinga, apongozi, njinga! Mayi aja anakoka chitenje n'kufunda mpaka kumutu. A Chulu akunditsina pantchafu, ine ndikungowonjezera liwiro, poti mtima unali utayamba kukhazikika.

A Sakala anatsokomola. "A Chulu, tiuzeni bwino. Mwana wanuyu wabwerera Estere, mayi ake, kapena njinga yanga?"

Munthu wanzeru akanangopepesa apa. Koma ine chimwemwe chinandikwera kumutu. "Ayi amalume, ndi chithandizo chatsopano ichi! Ndinamva kuti inunso ng'ona inakugwirani mwendo m'Luangwa. Dikirani, ndikuchiritsani pompano!" Ndinayenda ndi mawondo mpaka pamaso pawo, zala ziwiri m'mwamba. "Kumbukirani ng'ona ija!"

Eee, nkhope yawo inasinthiratu. Azimayi anayamba kukuwa, "Akuwalodza! Akuitana ng'ona!" wina n'kuyambitsa nyimbo ya kutchalitchi. A Sakala anati adzuke athawe, ine dzanja likubwerera kuchokera kumanzere, chala changa chinangoti tosu m'diso mwawo! Anagwa chagada, kugunda njinga, njinga kugwera mtsuko wa thobwa limene anatikonzera, thobwa lonse pa thalauza la a Chulu. Estere ndinamuona kuseri kwa nkhokwe atagwira pamimba, mpaka lero sanandiuze ngati ankalira kapena ankaseka.

A Chulu anayenda maulendo angapo, wotsiriza akukoka mbuzi, kuti nkhani ikhale pansi. Ukwati unachitika ndithu. Nthawi ya malangizo itakwana, a Sakala anaimirira patali ndithu ndi ine, nati, "Mkamwini, pamaso pa anthu onsewa ndikuyamikeni. Mankhwala anu ndi amphamvu. Ng'ona sindiilotanso. Masiku ano ndimalota inu."

Anthu anagwa nacho chiseko, m'busa yemwe misozi chuchuchu.

Ndinalumbira tsiku lomwelo: udokotala ndawasiyira amene anauphunzira. Ndikafika kwa apongozi, manja m'thumba, maso pa zala zakumapazi, njovu ilire isalire!