Ndinazula Antena Kuti Ndibereke

Pali zopusa zina zimene munthu amachita ataledzera, kukacha n'kunamizira kachasu. Changa ndinachita ndili bwinobwino, dzuwa likuswa mtengo, nditaganiza mofatsa masiku atatu athunthu. N'chifukwa chake chimandiwawabe. Anthu a kwathu ku Mualadzi amene anaona ndi maso ambiri anatsogola, otsalawo amaikamba mothira mchere, ndiye bola ndiinene ndekha.

Chinali chaka cha chilala, nkhondo itatitopetsa mpaka m'mafupa. Ambiri anali atathawira ku Zambia ndi ku Malawi. Tinatsala mabanja ochepa, ouma mitu ndi osowa kolowera, tikukhala m'misasa m'munsi mwa phiri, kutali ndi msewu. Ine ndinali katekisita, komanso mkamwini kwawo kwa mkazi wanga Rozaliya. Zaka zitatu m'banja, mwana ayi. Gwirani pamenepo, chifukwa m'pamene pagona nkhani.

Padiri, wansembe wathu, anali atasamukira kumalire, ku Cassacatiza. Akapeza chimanga cha thandizo ankabwera nacho pa kamyau, lole yaikulu, mpaka pa mlatho wina wothyoka, chifukwa kupitirira apo msewu unali wodzala mabomba okwirira. Ife tinkayenda wapansi kuyambira mbandakucha mpaka masana kuti tikasenze. Kamyauyo sinkachedwa pamlathopo, oyendetsa ankaopa. Ndiye panafunika njira yoti tizidziwa tsiku, ndipo njirayo inali radiyo ya m'manja imene Padiri anaipeza kwa anthu a maboti a pa Zambezi. Inali yachikasu, yolemera ngati mwala wonolera, ili ndi kamchira kakuda pamwamba kotchedwa antena. Anaipereka kwa ine (inde, pa anthu onsewo anaona kuti wanzeru ndine).

"M'mawa uliwonse uzikwera phiri, uyatse, umvere," anatero Padiri. "Polankhula antena iloze kumwamba, ndipo italikirane ndi nkhope yako, pakhale mpata wa chikhatho. Usaigwire antenayo pamene wadina batani. Ulankhule mwachidule, si ulaliki uwu. Wamva?"

Ndinati ndamva. Lamulo lina lija, limene ndinadzaphwanya, sanandiuze, chifukwa sanaganizepo kuti padziko pano pali munthu amene angachite zimenezo.

Kusunga kwake kunali kovuta. Asilikali a boma akakupeza nayo, ndiwe kazitape wa akutchire. Akutchire akakupeza nayo, ndiwe kazitape wa boma. Kuisiya m'msasa sindikanatha, poti misasa inkasecheredwa nthawi iliyonse. Choncho ndinkaimanga ndi mphira wa njinga m'kati mwa thalauza, cha kutsogolo, malaya n'kugwetsera pamwamba. Miyezi itatu ndinayenda choncho, motang'adza pang'ono, ndipo chimanga chinabwera kawiri popanda vuto.

Kunyumba ndiye kunalibe mtendere. Apongozi anga, monga mwa mwambo, sankalankhula nane maso ndi maso. Ankalankhula ndi tambala. "Iwe tambala iwe, ukungondithera madeya, mazira onse osukusa! Ntchito kulira paphiri m'mawa uliwonse!" Tambala womaliza tinali titamudya pa Pasaka. Ine ndinkangowerama n'kumasema mpini umene unali wosemedwa kale.

Tsiku lina ndikutsika phiri ndinakumana ndi a Fulansisiku, malume ake a Rozaliya, mwinimbumba. Bambo amenewa anasenzako simenti miyezi ingapo pomanga damu ku Songo, ndipo kuyambira pamenepo nkhani iliyonse ya magetsi inkathera pakamwa pawo. Anandipeza ndikubwezera radiyo m'malo mwake.

"Akamwini, chimenecho mumasunga pamenepo?"

"Eya malume, pobisika ndi pomwepa."

Anagwira pakamwa. Anakhala pamwala. Anandiyang'ana monga mmene amayang'anira munthu amene wadwala matenda osachira.

"Ndiye mukudabwa chiyani? Mawu anu amakafika ku Cassacatiza atakwera chiyani? Njinga? Moto, akamwini! Moto wosaoneka, umatulukira kukamchirako. Ku Songo tinali ndi bambo wina ankagwira zoterezi, mpaka lero akulera ana a mchimwene wake. Mbewu yokazinga simera." Anaimirira n'kusasa fumbi. "Tiona pofika mvula. Mwana wa mlongo wanga sangakalambe akubereka mapilo kumsana."

Mukudziwa tanthauzo lake kwa mkamwini. Mvula ikagwa popanda chooneka, ndinyamule mkeka wanga ndizipita. Kupita kuti? Mudzi wa kwathu unali utatenthedwa. Komanso, ndinene poyera, Rozaliya ndinkamukonda, ndipo sindinkafuna kuti adzam'patse mwamuna wina. Chimene chinandimaliza n'chakuti Padiri mwiniwake anati antena italikirane ndi nkhope. Ndinadzifunsa kuti ngati chinthu chikuopsa kunkhope, kumene kuli mafupa okhaokha, nanga kumene ndinkachisungako?

Mwina mukuti bwanji osam'funsa Padiriyo. Ha! Paradiyo, pamene aliyense wokhala ndi makina akhoza kumvera? Komanso munthu woti analumbira kusakwatira, nkhani yotere ungaiyambire pati? Rozaliyanso sindinam'funse kanthu. Amuna a nthawi imeneyo tinkati kufunsa mkazi n'kuchepa (kuchepako ndinadzakuona bwino pambuyo pake).

Ndinayamba ndi kuisamutsa. Ndinaimanga m'khwapa, inandisupula. Ndinaiika m'chipewa, ndinkaoneka ngati ndasenza dzungu, ndipo ndinakumbukira kuti mutu nawonso ndimaufuna. Pamapeto pake ndinaikulunga m'chikopa cha mbuzi n'kumaikoka ndi chingwe kumbuyo, mamita awiri.

Kenako ndinasintha kalankhulidwe. Paphiri paja ndinkatambasula dzanja mpaka pothera, nkhope nditatembenuzira kumbali, miyendo nditapingasa, n'kumakuwa.

"Ukumveka ngati uli m'chitsime," anatero Padiri. "Wadwala?"

"Ayi Padiri, ndi mphepo!"

"Usakuwe. Phiri lonse likumva."

Apa m'pamene ndinakhala pansi n'kuganiza kwa masiku atatu aja. Tsiku lachitatu, ndikuseweretsa kamchira kaja ndi nsanza kumanja, ndinaona kakuzungulira. Ndinapotokola, ndinapotokolanso, kanachoka. Abale anga, chimwemwe chake! Ndinati basi, njuchi ndaichotsa mbola, uchi ndizidya mwamtendere. Antenayo ndinakaiponya m'phako la mtengo wa msuku kutali ndi misasa, n'kutsekapo ndi mwala. Madzulo ake ndinauza a Fulansisiku, ndipo anandigwira chanza koyamba chikwatirireni.

M'mawa mwake ndinakwera phiri ndikuimba nyimbo ya Maria. Ndinayatsa. Phokoso lokhalokha, shiii, ngati mvula ya patali. Ndinadina batani n'kuitana. Zii. Ndinati mwina Padiri wagonereza. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Ndinaganiza kuti popeza kamchira palibe, mawu akufunika kukankhidwa kwambiri, choncho ndinadina batani osasiya. Ndinapereka moni, ndinatchula mayina a mabanja onse, ndinanena za odwala, ndinawonjezera Atate Athu. Radiyo inatentha m'manja mpaka ndinaisinthira dzanja lina.

Mukuganiza kuti ndinachita mantha? Ndinakondwa! Ndinati onani moto uja a malume ankanena, lero wasowa potulukira, ukudzipsereza wokha. Tsiku lachitatu ndinadinanso nthawi yaitali kuposa dzulo lake, mpaka ndinamva kafungo ngati ka mphira wopsa. Tsiku lachinayi sinatenthenso, ndipo ndinati yazolowera.

Pofika tsiku lachisanu ufa unali utatha m'misasa yonse. Anthu ankadya mizu ndi maungu aawisi a m'dimba louma. Azimayi ankandidikira m'munsi mwa phiri, kungondiyang'ana pakamwa. Ine n'kumati, "Sananene kanthu." Bodza silinali, koma mtima unayamba kundiluma. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinapita ku msuku kuja, ndinachotsa mwala, ndinathamangitsa nyerere, n'kubwezera antena pamalo pake. Ndinati ndilankhule kamodzi kokha, nditapingasa miyendo.

Nditangoyatsa, mawu a Padiri anatuluka bwinobwino, otopa ngati a munthu amene sanagone.

"...ngati ukundimva yankha. Lero ndi tsiku lachitatu tikubwera pamlatho ndi chimanga. Oyendetsa akana kubweranso mawa. Yankha."

Ndinadina. "Padiri! Ndine! Tilipo! Tikubwera!"

"Yankha, mwana wanga. Ngati muli moyo, wina ayankhe."

"Tili moyo! Padiri, tili moyo!"

Ndinaiwala zonse za mpata wa chikhatho. Ndinaikumbatira radiyo, ndinakuwira m'kati mwake, ndinaigwedeza, ndinaimenya pabondo. Makutu ake anali amoyo, koma pakamwa ndinali nditapawotcha ndekha. Ndinaima paphiripo ndikumva munthu akutilira maliro tili moyo.

"Dzuwa likafika pamutu tinyamuka," anatero. "Chimangachi tikapereka kwa ena. Ambuye akhale nanu kumene muli."

Ndinatsika phiri lija ndi matako. Tinanyamuka tonse amene tinkatha kuyenda, ndi madengu ndi matumba, pafupifupi kuthamanga. Rozaliya anasanza kawiri m'njira, ine n'kumuuza kuti alimbe mtima, ndi mizu ija. Tinafika pamlatho dzuwa litapendeka. Tinapeza mapazi a matayala ndi timaso ta chimanga tomwe tinatayika. Azimayi anagwada n'kuyamba kutola kamodzikamodzi m'fumbi. Palibe anandikalipira, poti palibe ankadziwa. A Fulansisiku okha anandiyang'ana, kenako anayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula.

Patapita sabata ziwiri Padiri anatulukira m'misasa wapansi, atadzera m'tchire, atanyamula mafuta oyera ndi buku la maliro. Anabwera kudzadalitsa manda athu. Atationa anakhala pansi n'kulira, kenako anapempha radiyo. Anainunkhiza.

"Unalankhulapo yopanda antena?"

Anthu onse anali pomwepo. Ine katekisita, wophunzitsa ana kuti bodza ndi tchimo. Ndinaulula zonse, kuyambira thalauza, chikopa cha mbuzi, mpaka phako la msuku. Wina anayamba kuseka, kenako anakumbukira njala n'kusiya.

Padiri anaika radiyo pansi. "Mwana wanga, ikakhala yozima ndi mwala chabe, situlutsa kanthu. Mphamvu imatuluka pokhapo wadina batani, ndipo ndi yochepa, n'chifukwa ndinati chikhatho chimodzi chikwana. Ukachotsa antena mphamvuyo imasowa njira, imabwerera m'kati n'kuwotcha makina. Bwanji sunandifunse?"

"Manyazi, Padiri."

"Manyazi ako adya matumba a anthu onsewa."

A Fulansisiku anatsokomola n'kunena kuti za ku Songo zinali zazikulu, mwina zing'onozing'onozi n'zosiyana. Apongozi tsiku limenelo sanavutike n'kufuna tambala. Anandiyang'ana m'maso, koyamba m'zaka zitatu, n'kunena kuti, "Chitsiru." Mwambo unathera pomwepo.

Chakumadzulo ndinapeza Rozaliya kuseri kwa msasa akusenda mizu. Ndinakhala pambali pake, ndikuyembekeza kuti andiuze ndimange katundu.

"Ndinkachitira iwe," ndinatero. "Ndinkafuna tikhale ndi mwana."

Sanadzutse mutu. "Mwana wake uti? Uyu ndili nayeyu?"

Ndinayang'ana pamimba pake.

"Mwezi wachitatu uno. Chinthu chanucho chili m'thalauza momwemo, zinatheka."

"Nanga osanena bwanji, iwe Rozaliya?"

"Mimba yoyamba amalengeza ndani isanakhwime? Ndinkadikira ikwane ndiuze anamkungwi, iwo auze amayi. Inuyo mukanandifunsa chimene chikukudyani, ndikanakutsinani khutu. Koma munasankha kufunsa amalume." Anaponya muzu m'dengu. "Ndiye mwandiyendetsa mpaka kumlatho, ndi mimba, kukatola fumbi."

Ukwati unapulumuka, mkeka wanga sunachoke. Koma radiyo ina sinapezeke, ndipo chimanga chinadzabweranso patapita miyezi iwiri, uthenga wake utayenda wapansi. Miyezi imeneyo Rozaliya anaidutsa ndi mizu ndi phala lamadzi, ine ndikum'patsa gawo langa, iye n'kumalandira osathokoza, ndipo sindikanam'dandaula. Mwana anabadwa wamkazi, wochepa moti azamba anayamba am'batiza asanam'sambitse. Ndinagwada panja ndikupempha Mulungu kuti ngati pali wolipira, akhale ine.

Anakhala moyo. Lero ndi mayi wa ana anayi, wolimba, wapakamwa ngati agogo ake. Koma ndi wamfupi, wamfupi zedi, pamene azing'ono ake onse ndi ataliatali ngati ine. Akafuna kutsitsa kanthu pamwamba amakwera pampando, ndipo nthawi zina amadandaula kuti kaya iye yekha anatengera ndani. Amayi ake amangondiloza ndi mlomo, ine n'kutuluka panja kukaona ngati mbuzi zamwa madzi.