Mmene Tinathandizira Apolisi Kufufuza Makina Anga

Lolemba

Makina palibe. Ndadzuka, ndayang'ananso, palibe ndithu. Miyendo yachitsulo ilipo, thabwa lilipo, lamba ali lende, koma mutu wa makina wapita. Dzulo masana, ife tili kutchalitchi, munthu wathyola loko wa kachipinda kanga kosokeramo n'kunyamula. Makina amene ndinabwera nawo kuno ku Mzuzu pa mutu kuchokera ku Thyolo!

Zimene zikundidikira pa shelefu:
madiresi anayi a giraduweshoni ya ku yunivesite, akufunika sabata yamawa
suti ya bambo wina wa ku Nkhorongo, yodulidwa kale
mayunifolomu a kwaya, opanda manja

Kupolisi ndapita m'mawa. Mlandu aupereka kwa a Sajeni, mayi wamtali wosakonda kulankhula. Afika masana, apeza pabwalo anthu ngati pamaliro. Mchengautuwa yense, dera lathu lino, wabwera kudzapepesa. "Phepani chomene, a telala." Aliyense akulowa m'kachipindamo, akugwira loko, akugwira chitseko, akusonyeza mnzake pamene wakuba anagwira. Mayi akunyumba nawo anali atasesa kale ndi kukolopa, ati alendo aboma sangapeze nyumba yauve.

A Sajeni ayang'ana simenti yonyezimirayo nthawi yaitali. "Wakolopa ndani?" Basi, funso lawo ndi lomwelo.

Koma ine ndapulumutsa chinthu chimodzi. Kuseri kwa zenera, m'matope, muli phazi la jombo. Ndalivundikira ndi beseni. Ndaliyeza ndi tepi katatu: mulitali mainchesi khumi ndi imodzi, mulifupi anayi. Ndalemba m'kabuku kanga ka miyeso, pansi pa chiuno cha mayi wa kwaya.

Madzulo abwera a Mhango, oyandikana nawo nyumba. Chipumireni ntchito amangoonera mafilimu a zigawenga pa kanema. Akuti, "Adada, mlandu ngati uwu azungu amautha m'mphindi makumi anayi." Atsegula gulu la pa foni, dzina lake Maso a Mchengautuwa. Iwo wapampando, ine mlembi, poti ndimalemba mowongoka. Kafoni kanga n'kamabatani, ndiye iwo azijambula masamba a kabuku kanga madzulo alionse n'kutumiza ku gulu.

Dongosolo lilipo. Tithandiza apolisi. Pofika Lachisanu ndikhala ndikupalasa makina anga.

Lachiwiri

Mvula yamawawa, kuzizira. Beseni lili pamalo pake, ndaikapo njerwa.

Gulu lakula usana umodzi. Alowamo a kumsika, a kabaza, ophunzira a m'mahositelo atsopanowa, ngakhale mlamu wa a Mhango amene ali ku Joni. Oganiziridwa afika makumi awiri ndi atatu. Onse ndawalemba, aliyense mzere wake, ndi rula.

Ena mwa iwo:
wogulitsa makala, chifukwa anadutsa
wogulitsa makala wina, chifukwa sanadutse
mwini nyumba yathu (a Mhango akuti m'mafilimu amakhala amene sukumuganizira)
mayi akunyumba (chifukwa chomwecho, dzinali ndalemba ndi pensulo)

Ntchito yanga ndi kuyeza nsapato. Wobwera kudzapepesa akavula pakhomo, ine ndimazemba ndi tepi. Ndayeza khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mkulu wa mpingo wandipeza nditagwada, nsapato yake ili m'manja mwanga. Ndati ndimaona kasokedwe. Sanakhulupirire.

Aliyense akufuna kuona phazi. Avundukula beseni, ajambula, avundikira. Wina waika lake pambali kuti ayerekeze. Tsopano mapazi alipo awiri, ndipo sindikukumbuka bwino loyamba ndi liti.

A Mhango aika nambala ya a Sajeni pa gulu kuti aliyense wodziwa kanthu aziimba. NyaGondwe, mayi wa saluni ya pakona, waimba kanayi. Kachitatu amanena maloto ake.

Mayi akunyumba akufuna beseni lawo. Zovala zanyowetsedwa mu ndowa yamadzi akumwa. Sitikulankhulana bwino.

Lachitatu

Tsiku loipa.

NyaGondwe wakumbukira kuti mmisiri wina womanga hositelo kumtunda kuno, dzina lake Yotamu, anaima pakhonde panga mwezi watha n'kunena kuti, "Makina abwino awa." Zoona, anatero. Amadikira kuti ndimsokere chigamba pa ovolosi. Ndalemba.

Teni koloko gulu lili pa hositelo. A Mhango patsogolo ndi wenzulo. Amtsitsa Yotamu pamakwerero, amvula jombo, andiitana. Ndayeza. Mainchesi khumi ndi imodzi! Ndanena mokweza, poti ndi zimene tepi yanena. Anthu akuwa, "Munkhungu! Wakuba!" Wina wamenya. Ine ndimati tingolemba dzina basi.

Galimoto ya apolisi yabwera kudzamlanditsa. Kapitawo wa pa hositelo akulumbira kuti jombozo anagula katoni imodzi, saizi imodzi, amisiri onse amavala zomwezo, waphazi laling'ono amaikamo nyuzipepala. Ndayeza za amisiri ena atatu. Khumi ndi imodzi, khumi ndi imodzi, khumi ndi imodzi.

Ndipo ndili m'njira pobwerera ndakumbuka. Lamulungu Yotamu anakhala benchi ya kutsogolo kwanga kutchalitchi, kuyambira pemphero loyamba mpaka zolengeza. Ndinkayang'ana kolala ya shati lake, yosokedwa mokhota. Ndingaiwale bwanji kolala imeneyo?

Ndabwerera kupolisi kukanena. Yotamu ali pabenchi, mlomo wotupa, kuphazi kulibe kanthu. Sanandiyang'ane.

A Sajeni akuti lero anakonza zoyendera okonza makina onse a mumsika. M'malo mwake atha tsiku akulemba masitetimenti a anthu omenya mmisiri. "Bambo, mukufuna makina anu kapena mukufuna filimu?"

Ndati makina.

Pobwera ndapeza beseni lili ndi zovala. Pamene panali phazi pali chithaphwi, bakha akumwapo.

Lachinayi

Kuwala pang'ono!

A Sajeni andiitana ndekha. Afunsa ngati ndili ndi nambala ya makina. Ndili nayo! Tsamba loyamba la kabuku, ndinailemba tsiku logula, pamodzi ndi chizindikiro: gudumu lake lili ndi kachibenthu ngati njere ya mpunga. Kwa nthawi yoyamba andiyang'ana ngati munthu wanzeru.

Nkhani ndi iyi. Wokonza makina wina mumsika wauza apolisi kuti munthu akumutsatsa mutu wa makina wa gudumu lobenthuka. Agwirizana kuti aubweretse mawa teni koloko. Apolisi awiri ovala wamba adzakhala pafupi. Ine ndidzaime patali, ndidzangobwera akandikodola, kudzazindikira katundu.

"Musauze munthu. Ngakhale akazi anu. Makamaka a wenzulo aja."

Ndalonjeza. Ndipo sindinauze munthu, Mulungu ndi mboni. Mayi akunyumba afunsa, ndati kupolisi amangofuna siginecha. NyaGondwe wafunsa, ndati mutu ukundipweteka.

Kungoti ine chinthu ndikapanda kulemba chimandithawa. Malaya a munthu sindidula ndisanalembe. Ndiye ndalemba bwinobwino, ndi mzere kunsi: Lachisanu, teni koloko, kwa wokonza makina, mzere wa zitsulo, apolisi awiri ovala wamba, OSAUZA MUNTHU.

Madzulo a Mhango afika monga mwa masiku onse, atambasula dzanja, ine ndapereka kabuku monga mwa masiku onse. Ndazindikira foni itaphethira kale. Munthu wamkulu, ali m'nyumba mwako, akumwa tiyi wako, ungamulande bwanji chinthu m'manja? Ndangoti, "A Mhango, tsamba limenelo ndi lachinsinsi." Iwo, "Yewo, adada, ndamva chomene."

Asanafike n'komwe pageti, foni ya mayi akunyumba yalira. Andiwerengera mokweza: CHINSINSI CHACHIKULU, MUSAUZE MUNTHU. Pansi pake tsamba langa, zilembo zanga zowongoka zija.

Ndiwaimbire a Sajeni? Ndatenga foni, ndaika. Ndatenganso, ndaika. Mwina anthu sawerenga. Mwina kugwa mvula yambiri. Ndagona osawaimbira.

Lachisanu

Mvula sinagwe. Kwacha bwino ngati tsiku laukwati.

Naini koloko ndili mumsika, ndaima patali monga anandiuzira. Mzere wa zitsulo, umene masiku onse mumadutsa anthu owerengeka, lero wadzaza.

Amene ndawaona ndi maso anga:
a Mhango, magalasi akuda, chipewa, akuwerenga nyuzipepala ataimirira pakati pa njira
NyaGondwe ndi makasitomala ake awiri, mmodzi tsitsi loluka theka, akunamizira kugula mahinjesi
a kabaza asanu ndi mmodzi, injini zili chilirire, okonzeka kuthamangitsa
ophunzira a ku yunivesite pamwamba pa mulu wa matayala, mafoni m'mwamba
mayi wogulitsa mandasi, amene wamva kuti kuno kukhala anthu

Apolisi ovala wamba aja aliyense akuwadziwa. Anthu akuwapatsa moni monong'ona, "Monire, bwana, tili pamodzi." Wina wawagulira mandasi.

Teni koloko. Hafu teni. Leveni. Mnyamata wadutsa ndi katoni yolemera paphewa, a Mhango aliza wenzulo, msika wonse wamugwera. M'katoni muli injini ya pampu yamadzi, ndi lisiti lake.

Wokonza makina watseka benchi yake, wamanga zida, wapita osatsanzika.

A Sajeni adutsa pafupi nane. Sanaime. Angoti, "Zilembo zanu n'zokongola, bambo."

Ndabwerera wapansi mpaka ku Mchengautuwa. Sindinafune kukwera kabaza, onse ndi a m'gulu.

Loweruka

Kupolisi m'mawa. Ndakhala pabenchi ola lathunthu, chipewa pamaondo.

A Sajeni sanakalipe. Bola akanakalipa. Akuti wotsatsa makina uja anatumiza uthenga kwa wokonza makina Lachinayi lomwelo madzulo. Uthengawo ndi chithunzi cha tsamba langa, pansi pake mawu atatu: "Moni kwa atelala." Nambala yake yazima. Munthuyo anali m'gulu lathu chiyambire Lachiwiri. Amaona mndandanda wa oganiziridwa tsiku ndi tsiku, mwinanso maina ena anapereka ndi iye.

Wokonza makina akuti sadzathandizanso apolisi, msika wonse ukumutcha kazitape. Makinawo, a Sajeni akuganiza kuti atuluka kale mu mzinda. Fayilo sakutseka, koma tsopano ali ndi mafayilo atatu: wa makina, wa Yotamu, ndi wa mnyamata wa pampu. Awiri enawo mboni yake ndine.

Ndafunsa ngati pali chimene ndingathandize. "Chilipo. Pitani kunyumba mukakhale."

Masana ndabweza nsalu. Madiresi anayi, aliyense m'pepala lake, miyeso nditaibaya ndi pini pamwamba kuti telala winayo asavutike. Mtsikana mmodzi walira, akuti amayi ake akuchokera ku Chitipa kudzamuona atavala diresi limenelo. Bambo wa suti watenga zidutswa zake, waziwerenga pamaso panga. A kwaya akuti aimba opanda manja.

A Mhango abwera madzulo, nkhope yowala. Akuti tinatsala pang'ono chomene, wakubayo wachita mantha, ndiye kuti njira yathu ikugwira. Atambasula dzanja kufuna kabuku. Ndati kanyowa.

Shelefu ili mbee.

Lamulungu

Kutchalitchi. Yotamu wasamukira benchi ya kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Titaweruka ndamtsatira kuti ndipepese. Wandimvera mpaka kumapeto, kenako akuti, "Jombo yanga imodzi simunabweze." Sindikudziwa ili ndi yani. A Mhango akuti ndi umboni.

Pa zolengeza atipempherera, ine ndi makina.

Gulu lapeza mlandu watsopano, mbuzi ya munthu ku Nkhorongo. Akufuna mlembi. Ndauza mayi akunyumba ayankhe kuti maso akundivuta.

Masana ndayenda mpaka ku Geisha, kwa Chimwemwe. Ndinamuphunzitsa ndine kusoka, anabwera osadziwa ngakhale kulowetsa ulusi pa singano. Lero ali ndi shopu ya makina atatu amagetsi, madiresi a giraduweshoni ali mpaka kudenga. Awiri mwa iwo ndawazindikira, mapepala anga a miyeso akadali pomwepo ndi pini.

Wandilandira bwino, wandipatsa mpando. Akuti makina onse ali ndi eni ake, koma sabata ino ntchito yachuluka, ndikhoza kumasita ndi kusokerera mabatani. Kale ankanditcha abwana. Lero akuti madala.

Ndavomera.

Mawa seveni koloko. Simbi akuti ndibweretse yanga.