Sofa ya bwato ndi buluku la a Chikuse

Ndisanayambe nditchuliretu mboni, chifukwa anthu ena amati ine ndimakonda kukometsera nkhani. Yoyamba ndi mayi a kunyumba, make Dalitso, amene mpaka lero nkhaniyi ikayambika amatuluka panja. Yachiwiri ndi alamu anga a Fakisoni, ogulitsa nsomba zouma pa Khombedza. Yachitatu ndi amphaka a m'mudzi mwathu, ngakhale ndikuvomera kuti amenewo kuwafunsa nkovutirapo.

Ndimakhala m'nyumba yakale kufupi ndi Lifuwu. Chaka chatha mlongo wanga anandiuza kuti mwana wake Tadala wapeza mwamuna wa ku Lilongwe, ndipo amalume a mnyamatayo, a Chikuse, abwera kudzafunsira mbeta kwa ine monga mwinimbumba. Anandichonderera chinthu chimodzi chokha, chakuti ndisamuchititse mwanayo manyazi, poti banja limenelo ndi la anthu aulemu wawo (ndiye ife ndife otani?).

Pabalaza panga panali mipando ya pulasitiki, wina womanga ndi waya. Make Dalitso anati tikabwereke mipando kutchalitchi. Ndinakana. Ndinali nditaona pa loji ina ya kunyanja bwato lakale atalidula mbali imodzi, kulipaka penti, kuikamo makushoni, alendo atakhalamo nkumajambulitsa. Ndinadzifunsa kuti, ife mabwato otere timawaza nkhuni, nkumasowanso pokhala?

A Fakisoni anandipezera bwato limene msodzi wina analitaya. Linali lokalamba moti nsomba zikuluzikulu zinkalipatsa moni, ndipo izi sindikuwonjezera. Mkati mwake ming'alu yonse inali yomata ndi phula, monga amachitira asodzi, phula pamwamba pa phula linzake. Tinabwera nalo pangolo. Pakhomo linakana kulowa. Tinachotsa chitseko, linakanabe. Tinachotsa felemu, njerwa zingapo nkutsagana nayo mwa kufuna kwawo (nyumba yomangira dothi salimbana nayo). Pamenepo linalowa.

Ndinadula mbali imodzi, kupala ndi sandipepa, kupaka penti woyera. Phula lija sindinalichotse. Ndinati ndi limene lagwira bwatoli zaka zonsezi, komanso penti abisa. Linakongola ndithu. Makushoni okha ndiwo anavuta: telala anati atha mawa, ndipo mawa la telala mukulidziwa. Ndinangoyalapo kansalu koluka ka mabowomabowo kamene make Dalitso amafunditsa tebulo.

Unali mwezi wa Okutobala. Denga langa ndi lamalata, lopanda siling'i. Dzuwa litayamba ntchito yake, bwato linakumbukira kwawo. Fungo la usipa wa zaka zambirimbiri linadzaza nyumba. Kunabwera amphaka amene sindinawaonepo chibadwire, ena ooneka kuti ayenda wapansi kuchokera ku Chipoka. Ndinathira perefyumu yense wa make Dalitso, koma zinangomveka ngati usipa ukupita ku ukwati.

Tsiku lija a Chikuse anafika dzuwa lili paliwombo. Munthu wamtali, wofatsa, atavala suti yoyera ngati mkaka. Anayamikira sofa yanga, nati sanaonepo yotere (zinali zoona). Ndinawakhazika pakatikati penipeni, ine nkukhala pa mpando wa waya uja mwaulemu.

Nkhani zotere sathamangira. Tinayamba ndi za mvula, za mtengo wa feteleza, za mpunga wa kuno. Kenako anati tambala wawo waona msoti pakhomo pano. Ine ndinayankha monga mwambo umafunira, kuti ndamva, ndiyambe ndafunsa mwanayo ndi mayi ake, adzabwerenso kudzamva. Nthawi yonseyi ankatuluka thukuta nkumasunthasuntha. Kenako anasiya kusuntha, ine nkumati akhazikika.

Anatsanzika, koma osadzuka. Tinachezanso pang'ono. Anatsanzikanso, osadzukabe. Ndinkaganiza kuti ndi ulemu wa ku Lilongwe.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "mpando wanuwu wandigwira."

Phula linali litasungunuka pansi pa penti, nkudutsa m'mabowo a kansalu kaja. Ndinaitana a Fakisoni, amene tsikulo anali panja. Iwo anagwira dzanja ili, ine linalo. Titakoka, a Chikuse anadzuka, koma bwato linadzuka nawo limodzi. Ndikulumbira, linanyamuka mpaka ndinaona pansi pake mphaka atagona. A Fakisoni anati tithire palafini. Make Dalitso, ataima pakhomo lopanda felemu lija, anangoti, "Bambo a Dalitso, mipando ya kutchalitchi sigwira munthu," nkubwerera kukhitchini.

Mapeto ake mlendo anapempha kuti titseke chitseko. Ndinamufotokozera kuti chitseko chilipo, koma chatsamira mtengo wa mango panja. A Fakisoni anaima pakhomo atatambasula chitenje, ndipo a Chikuse anatuluka m'buluku lawo pang'onopang'ono ngati njoka ikufundula. Ndinawabwereka langa la kutchalitchi. Ine ndine wamfupi. Linawalekeza m'maondo, jekete yoyera ili pamwamba.

Ndikuwaperekeza pa siteji ya minibasi, anandifunsa kuti adzabwere liti kudzamva yankho. Ndinayang'ana miyendo yawo ili pamtunda, anyamata a kabaza akutsokomola mwadala. Mwambo wonse unandithawa.

"Musavutikenso, bambo. Mwanayo ndi wanu."

Anakwera minibasi.

Panapita masabata kuli zii. Mlongo wanga anasiya kundiyankha moni. Tadala ankangolira, akuti amalume andithetsera banja ndi bwato. Pamenepo ndiye kuseka kunandithera, nsomba yomwe ndinaleka kudya.

Kenako foni inalira. Anali a Chikuse. Anati banja lawo lakambirana, chinkhoswe chichitika, chifukwa mwana salakwira zochita za amalume ake. Koma chichitikire kwa mlongo wanga, panja, ndipo mipando abwera nayo okha pa lole kuchokera ku Lilongwe. Anabweradi nayo. Koma mwiniwakeyo tsiku lonse anangoimirira, ngakhale pa nthawi ya chakudya.

Make Dalitso amauza anthu kuti ndinatengerapo phunziro, ndipo sanama. Mlendo wa suti yoyera osamukhazika pakati pa bwato. Muzimukhazika chakumutu, kumene zigamba za phula nzochepa.