Mmene Ndinaperekezera Alendo a m'Kompyuta ya Tikambenji

Amake Lute, ndakuonani mukubisa kamwa m'chitenje. Sekani ndithu, koma manja asaleke kuswa nsawa. Nonsenu mukundidziwa, ine si munthu wokweza mawu, ngakhale ku kwaya amandiimika kumbuyo chifukwa mawu anga safika kuguwa. Munthu wotere anganamirenji? Amene akukayika apite kwathu akafunse mwana wanga Tikambenji, koma ndikuchenjezeretu kuti iye anaona zakunja zokha. Zam'kati ndinaona ndine, chifukwa ndine ndinalowamo. Inde, m'kompyuta. Mukumva?

Mukukumbukira kuti Tika anasiya sukulu atatenga pathupi pa Dalitso, n'kukhala pakhomo zaka zingapo osatchulanso za mabuku. Tsono atalembanso mayeso anapeza malo pa koleji ya zauphunzitsi, ija yophunzira uli kwanu n'kumatumiza ntchito pa intaneti, ndipo malume ake a ku Chipata anamugulira kompyuta yam'manja, yatsopano, yonunkha pulasitiki. Kondakitala wa minibasi, mwana wa eni ake amene ndi dzina lomwe sindimudziwa, anaifungatira pamiyendo njira yonse kuopa mabampu, ndipo atafika pa boma pano anaipereka ndi manja awiri ngati khanda. Zinthu zotere ine sindiiwala.

Koma titaitsegula tinapeza kuti m'nyumba yatsopanoyo muli kale anthu. Tika akati alembe, pagalasi pankatumphuka ichi, kenako icho, china chikuti gula, china chikuti sewera, china chikuti akuba afika. Kompyuta inkayenda ngati ng'ombe yodwala ikukoka ngolo pamchenga. Batire imene anamwino a ku kiliniki ankatilola kutchaja pa sola yawo inkatha mwana asanamalize ndime, mabandulo n'kumasungunuka ngati mchere m'ndiwo. Aphunzitsi Banda a ku pulayimale anapalasa njinga kudzatithandiza, nati amenewa ndi mapulogalamu amene ogulitsa amaikiratu kufakitale, ambiri opanda ntchito. Anawachotsa imodziimodzi. Atazimitsa n'kuyatsanso, onse anali atabwerera, ena atatengako ndi abale awo. Munthu wabwino uja anapepesa ngati wolakwa ndi iyeyo, tiyi amene ndinawaikira n'kumusiya akuzizira.

Ntchito yoyamba ya kukoleji inkafunika Lachisanu lisanathe, ndipo wosatumiza malo ake ankapatsa wina. Lachinayi masana Tika anatseka kompyuta pang'onopang'ono, mopanda ukali, nati, "Amama, mwina sukulu si yanga." Mawu amenewo ndinawamvapo kale, ndipo ulendo woyamba uja anatidyera zaka. Bola akanalira, kapena kuswa mbale. Iye anangodzuka n'kupita kuseri kukachapa zovala za mwana.

Ine ndinali ndikukazinga nsawa pambaula. Ndinatapako zodzaza manja n'kumanga pangodya ya chitenje, ndinavula masilipasi chifukwa m'nyumba ya eni sulowa ndi nsapato, kenako ndinadzipinda pawiri, n'kudzipindanso, n'kudzipindanso monga timapindira nsalu ya paguwa Misa ikatha, mpaka ndinachepa ngati njere ya mpiru, ndipo ndinaima pa kabowo ka kompyutayo kolowetsapo fulashi, ndinati "Odi," n'kulowa cham'mbali, chifukwa chiuno ichi mukuchiona nokha. Mukumva?

M'katimo ndi mwamukulu kuposa tchalitchi cha ku parishi, makoma obiriwira, tinjira tonyezimira ngati waya wa mkuwa, zipinda zoti ungawerenge mpaka mvula kugwa, kamphepo kakuwomba mbali imodzi yokha, koma poponda phazi panalibe, paliponse anthu ndi mitolo yawo. Kunali mlonda, chimunthu cha yunifolomu yofiira, wezulo kukamwa, akuthamanga chipinda ndi chipinda kukuwa kuti akuba afika, akuba afika, pamene wodya batire ya mwana wanga anali iye yemweyo. Kunali mtsikana wa maswiti amitundumitundu amene ankagwa kuchokera kudenga, kuphulika, kugwanso, koma osadyeka ndi limodzi lomwe. Kunali bambo wolosera zanyengo amene anandigwira dzanja n'kundiuza mwachisoni kuti mawa kugwa chipale chofewa, ine thukuta la Okutobala lili kamukamu. Ndipo panali wina waulemu kwambiri, woima pakhomo penipeni, aliyense wodutsa akumufunsa kuti "Ndikuthandizeni?" n'kumutsekera njira ndi ulemu wakewo.

Ndinasuzumira pansi pa mabedi awo, ndipo ndinamvetsa chimene chinachitika. Aphunzitsi Banda, pofulumira kutimvera chisoni, anawathamangitsa. Tsono mlendo wothamangitsidwa amasiya dala chipewa pamsomali, kapena kathumba pansi pa bedi, kuti mawa apeze chobwerera. Kwathu kuno mlendo sitithamangitsa, timamuperekeza. Umamupatsa madzi, umamumangira kamba, umamunyamulira katundu wake yense osasiyako ndi singano yomwe, n'kuyenda naye mpaka pamphambano, ndipo subwerera mpaka ataona yekha kuti kumbuyo kwatalika. Amati mlendo ndi mame, koma mame nawo amafuna dzuwa lowauza mwaulemu kuti kwacha.

Choncho ndinakhala pansi, miyendo kutambalala, n'kuwaitana onse, n'kuwapatsa moni mmodzimmodzi, kufunsa za kwawo ndi amene anawatuma, n'kumasula nsawa zija kugawa. Anadabwa. Chibadwire chawo palibe anawalonjerapo, aliyense ankangowabaya ndi chala pankhope kuti choka. Nditawauza kuti mwini nyumba akufuna malo olembera, mlonda uja anachotsa wezulo kukamwa.

"Mukutsimikiza kuti ndipite, amayi?"

"Inde, bambo."

"Mukutsimikizadi? Nanga nditakhala mwezi umodzi wokha, waulere?"

"Bambo, ntchito mwagwira, ndaona mmene mwathamangira. Koma amene anakutumani sanafunse mwini nyumba. Mlandu si wanu."

Chimunthu chija chinalira, misozi yake iliyonse ngati dzungu, ndipo ndinachita kuwakha ndi chitenje isanagwe pa tinjira tamagetsi tija, kupanda apo bwenzi boma lonse la Chadiza lili mumdima mpaka lero. Ndinaganiza mumtima kuti ambiri amene amatisowetsa mtendere ndi otumidwa chabe, ndipo nawonso anatopa kalekale.

Kenako ndinasonkhanitsa katundu. Zipewa za pamisomali, timatumba ta pansi pa mabedi, mizu imene wamaswiti anakwirira pansi kuti idzaphuke kompyuta ikadzayatsidwanso, makiyi amene waulemu uja anabisa pamwamba pa chitseko, zonse ndinamanga mtolo umodzi n'kusenza, ndipo tinatuluka kudzera m'chingwe chotchajira, ine patsogolo iwo pambuyo ngati ulendo wa Lamulungu la Kanjedza, tinakwera nsanja ya netiweki ija osagwira makwerero, tinatsetsereka pamphepo pamwamba pa minda ya ku Pembamoyo, mtolo wanga utatalika mpaka kuphimba dzuwa, moti anthu a ku Mlolo anauyesa mtambo wa mvula yoyamba ndipo ena anathamangira kumunda ndi mbewu, tinadumpha malire a Mozambiki asilikali akutiwombera sawatcha poyesa ndege ya nduna, tinalowa m'chingwe chachikulu chodutsa pansi pa nyanja yamchere pamene anangumi amakandirapo misana, ndipo tinatulukira pakhomo pa fakitale yawo kutsidya, ine phazi langa losanyowa n'komwe. Mukumva? Kumeneko ndinatula mtolo, ndinagwirana nawo chanza, wolosera zanyengo uja n'kundivulira jekete lake kuti ndisazizidwe pobwerera. Chipale chake chinalikodi, sankanama, ankangonena za kwawo. Pobwera ndinadzera panja kusuzumira pambaula, ndipo nsawa zija zinkangofuna kutakasa kamodzi kokha.

Ndinalowanso kukasesa. M'nyumba munali zii, zipinda zili mbee, kamphepo kaja kakuyenda bwinobwino. Koma pakhomo la chipinda chimene munkasungidwa zolemba za Tika panatsala munthu mmodzi. Mayi wa msinkhu wanga, duku kumanga ngati mmene ndimamangira ine, atakhala pakampando manja ali pamaondo. Ameneyu ndi uja ankatulukira pangodya ya galasi nthawi ndi nthawi kunena kuti batire yatsala pang'ono, wasunga zimene walemba, nthawi yapita, zimitsa uyatsenso. Mwa onse aja, Tika ankaipidwa kwambiri ndi iyeyu.

Ndinamulonjera, n'kufunafuna katundu wake kuti ndimuperekeze nayenso. Analibe mtolo. Chitenje chake chinalukana ndi khoma, ulusi wake unalowa m'mizati, ndipo nditakoka nsonga imodzi pang'ono chabe, denga lonse linagwedera, zilembo za mwana wanga n'kuyamba kuyoyoka m'ndime ngati chimanga chofumbwa. Ndinasiya msanga.

"Ine ndinabwera ndi nyumbayi, anzanga," iye anatero, motsitsa mawu. "Mukandichotsa igwa."

"Nanga mumamuvutiranji mwanayu, kumangomusuzumira akulemba?"

"Ndimaopa angataye zimene wavutikira."

Ndinakhala pambali pake, tikudya nsawa zotsala pangodya ya chitenje. M'mawu akewo ine ndinkamva mawu anga omwe. Sabata yonse ija mutu wanga unkangotulukira pakhomo la chipinda cha Tika. Walemba? Wafika pati? Dalitso akulira. Usaiwale, Lachisanu layandikira. Ndinkayesa ndikumulimbikitsa, chonsecho nane ndinali mmodzi wa odya batire ya mwanayo. Mantha a mayi amavala nkhope ya chithandizo, n'kuima pakhomo penipeni ngati waulemu uja.

Tinapangana monga amapanganira amayi awiri pachitsime, kuti tonse tizilankhula pokhapokha nyumba ikamapsadi. Iye anandionetsa kabatani kake kotsitsira mawu, kuseri kwa khutu, ndinakadina, ndipo anamwetulira n'kundiuza monong'ona kuti kanga ndikafune ndekha.

Ndinatuluka pa kabowo kaja n'kudzifunyulula, koma mpindo umodzi unakana kuwongoka, ndiwo msana umene mumandimva ndikudandaula nawowu. Tika atabwera ndi beseni lake ndinangoti, "Tayatsa kamodzi kokha." Anayatsa mosafuna. Kompyuta inadzuka ngati mwana womva fungo la zitumbuwa, galasi lili mbee, tsamba lake lolembera likumudikira. Anandiyang'ana. Ine mawu anali atafika kale pamilomo, oti tsono fulumira, koma ndinawameza. Ndinabereka Dalitso, kusenza dengu la nsawa, n'kubwera kwanu, amake Lute. Mukukumbukira? Ndinakhala mpaka dzuwa kupendeka, m'mawa mwake ndinabweranso, ndipo inu simunandifunse chimene chandithamangitsa kwathu. Munangondikokera kampando pamthunzi, Dalitso n'kumupatsa mbatata. Chimenecho sindinakuthokozenipo.

Lachisanu dzuwa lisanalowe Tika anabwera yekha, naima pampanda wanu, manja ali kumbuyo ngati ali mwana. "Yapita, amama," anatero. Panopa ali m'chaka chomaliza, ndipo ana a ku pulayimale ayamba kale kumutcha madamu.

Tsono mukakamufunsa, iye adzakuuzani zake. Adzati aphunzitsi Banda anabweranso masana omwe aja ndi fulashi yobwereka kwa mnzawo, muli pulogalamu yozula mapulogalamu anzake ndi mizu yomwe, ndipo kuti nthawi yonseyo ine ndinali nditatsamira khoma ndikuwodzera, nsawa zikusanduka makala pambaula. Mwina zam'mphepete zinapsererako, sindikana. Koma afotokoze yekha za khoko la nsawa limene aphunzitsiwo anatokosola pa kabowo ka fulashi, afotokozenso za anthu a ku Mlolo amene anabzala msanga chaka chimene chija.

Amanenanso, akuseka, kuti pulogalamu imodzi yokha ndiyo inakanika kuchotsa, imene iye anabwera nayo kuchokera kufakitale, imamanga duku, ndipo mpaka pano imasuzumira pakhomo kufunsa ngati wadya. Mawu ndinatsitsa, amake Lute, kabatani kaja ndinakapeza. Koma imeneyo ayese kuichotsa, aone ngati denga silimugwera.