Kukatenga Azamba Kuseri kwa Phiri Chaka cha Chisanu

Inu anyamata a kabaza mwaunjikana pano pa Mkanda m'majekete awiriawiri, mukuti lero kwazizira? Pepani ndithu, ana a eni, mwavutika. Wofuna kuseka ayambiretu, chifukwa zimene ndikuuzenizi ndinazichita ndi miyendo yomweyi, ndipo wotsutsa aimirire atiuze komwe anali chaka chimenecho ngati sanali kumsana kwa amake.

Munali mu Julaye, matipate atangoyamba kumene, pamene chisanu chinagwa moti phiri lonse la Mchinji linayera ngati ufa woyanika pamphasa, mtsinje wa Bua unauma gwa, matayala a njinga ankasweka ngati mbale zadothi, ndipo atambala ankati akayasamula kuti alire, ankangotseka pakamwa n'kubwerera m'khola. Mkazi wanga Nabanda anali woyembekezera mwana wathu woyamba, masiku ali pafupi, koma mwanayo anali atagona mopingasa. Amayi a m'mudzi anati palibe wina angamutembenuze koma a Nankhoma, azamba okalamba amene ankakhala kuseri kwa phiri, kufupi ndi malire a Zambia. Amuna a m'mudzimo, akatswiri aja amapha mikango pamowa, aliyense anapezeka kuti bondo likumupweteka.

Mlamu wanga Yohane ankagulitsa kaunjika ku boda, ndipo m'belo lina anapezamo matabwa awiri aatali, opyapyala, opindika kumutu, pamodzi ndi majombo olemera ngati mtondo. Mwanzeru zake zonse, iye ankafuna kukhomera khola la nkhunda. Ine nditangowaona ndinadziwa kuti n'zimene azungu amaseserekerapo kwawo, ndiye ndinawapaka therere kunsi kuti aziterera, ndinadula nsungwi ziwiri zopalasira, ndinamanga matumba a feteleza, bulangete, ketulo ndi mbatata kumsana, n'kuuza Yohane kuti aponde kumbuyo kwanga agwire lamba. Mukumva?

Kukwera kokha kunatidyera masiku. Dzuwa likapendeka tinkakumba dzenje m'chisanumo n'kuyala matumba pamwamba ngati tenti, moto tinkasonkha ndithu koma utsi unkauma usanapite patali n'kuima chilili ngati bulugama moti ndinkayanikapo masokosi, tiyi ndikathira ankaumira m'malere asanafike m'kapu ndiye tinkangothyola n'kumatafuna ngati nzimbe, ndipo m'mawa wina tinadzuka tili atatu m'bulangete, wachitatuyo ali fisi, amene ndinamusiya amalize tulo take chifukwa fungo lake linali labwinoko poyerekeza ndi mapazi a mlamu wanga.

"Alamu, tiyeni tibwerere," anatero Yohane. "Ine zala sindikuzimva."

"Kodi masiku onse zimakuyankhulani?" ndinamufunsa, n'kupitiriza kupalasa.

Pamwamba penipeni chithunzithunzi changa chinamatirira pamwala, ndinakoka chikukana, mpaka ndinachisiya pomwepo. Ndinakachitenga mu Okotobala, chitaonda.

Titatsikira kuseri tinawapeza a Nankhoma akuwotha moto pakhonde. Ndinagwada n'kufotokoza zonse, iwo n'kufunsa komwe tasiya galimoto. Ndinaloza matabwa aja. Anawayang'ana, anandiyang'ana ine, kenaka anati, "Amuna opusa ndawaona ambiri, ena ndinachita kuwalandira ndi manja angawa pobadwa. Koma tiyeni, mtsikanayo sanalakwe."

Ndinawabereka mpaka pamwamba pa phiri, ndipo kumeneko Yohane anauma thupi lonse, kuti gwa, maso ali tong'o. Wina akanakhala pansi n'kuyamba maliro. Ine ndinamugoneka chafufumimba, ndinamupaka therere lotsala pamimba, ndinakhazika azamba pamsana pake, n'kumumangirira ndi luzi m'chiuno mwanga. Mukunditsatira kapena nzeru zaumanso?

Ndiye ndinangokankha kamodzi, abale anga, kamodzi kokha, tinatsetsereka mphepo ikulira m'makutu mpaka inandimeta tsitsi lonse, dazi mukulionali si ukalamba ayi, tinadutsa gwape akuthawa iye n'kuima mwamanyazi, tinalumpha chigwa n'kukwera m'mwamba moti ndinaona denga la tchalitchi cha ku Guilleme lili pansi pathu ngati bokosi la machesi, tinatera pamsewu n'kupitirira thiraki ya fodya ili paliwiro mpaka dalaivala anatsika poganiza kuti galimoto yake yaima, ndipo nthawi yonseyo a Nankhoma anali phee pamsana pa Yohane, akununkhiza fodya wawo wamphuno osataya ngakhale kambewu. Mabuleki panalibe. Nditaona mudzi ndinakumbatira mtengo wa mango, mtengowo unazuka, tinalima nawo mzere m'munda wonse wa mtedza wa apongozi anga, n'kukaima pakhomo penipeni.

Azamba anatsika, anakonza mpango wawo, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ine ndinatsala panja. Ndinkangomva Nabanda akubuula mkatimo, ine wopanda chochita. Dzuwa likulowa, mwana analira. Anali mtsikana, ndipo mayi ake anali moyo.

Yohane tinamukoleka m'chigafa pamodzi ndi fodya. Anasungunuka Lamlungu, ndipo mawu ake oyamba anali ofunsa ngati matabwa ake sanakandike.

Ndikudziwa zimene Nabanda amauza amayi anzake kumpingo, zoti ndinasochera m'phiri, azamba anamva uthenga kwa ena n'kubwera okha pangolo, ndipo ine anakandipeza amayi otola nkhuni ndili pansi pa msuku ndikulira. Munthu anali chigonere m'nyumba, chitseko chili chotseka, anaona bwanji? Ine ndinali komweko. Ndipo amayi a nkhuniwo akaphunzire kuona bwino. Sinali misozi imene ija, chinali chisanu chikusungunuka m'maso.