A Pambuyo ndi Apongozi Awo Amkuwa

Pa yunivesite yonse panalibe wosadziwa kuti a Pambuyo sankamenya chitsulo pa nthawi yake. Ntchito yawo yeniyeni inali yosunga makiyi a chipinda cha zoimbira ndi kupukuta fumbi. Koma chaka chilichonse, pa chikondwerero cha nyimbo zamakono za ng'oma ndi zitsulo, ankapatsidwa gawo limodzi: nyimbo yotsekera ikafika kumapeto, amenye kamodzi chimbale chachikulu chamkuwa cholendewera kumbuyo kwa nsanja. Kamodzi basi. Ndipo kwa zaka makumi awiri sanalasepo nthawi.

Wotsogolera gulu loimba la payunivesitepo ophunzira ankamutcha Mayi Wotchi, poti ngakhale kuyetsemula ankachita kuwerengera. Mayiyo ankati akatsitsa dzanja, holo yonse inkangoti zii. Munthu unkatha kumeza malovu, kudzikanda pamsana, kukumbukira kuti sunatseke mpopi kunyumba, kenako m'pamene chimbale chija chinkabangula.

"Bambo, dzanja langa simunalione?"

"Ndinaliona, mayi. Labwino ndithu."

"Nanga mumadikira chiyani?"

"Awa ndi apongozi anga," ankatero akusisita mkuwawo. "Apongozi suwathamangira ndi chibonga m'manja. Umayamba wawapatsa moni."

Nyimbo za pachikondwererocho nazonso zinali zofuna mtima wautali. Magulu a m'mayunivesite ena ankabwera ndi miphika ya maluwa, mabeseni a madzi ndi zitsulo za magalimoto akutha. Chaka china mkulu wina anang'amba nyuzipepala kwa mphindi khumi, anthu n'kumuwombera m'manja. A Pambuyo anatolera zidutswa zonse n'kumupatsa mwaulemu. "Pepani achimwene, chida chanu chawonongeka. Mukachisoketse."

Mayi Wotchi anayesa nzeru zonse. Tsiku lina anawakodola msanga kuti kuchedwa kwawoko kugwere pamalo oyenera. A Pambuyo anagwedeza mutu, n'kudikira kuwirikiza kawiri.

"Mwawadzidzimutsa," anafotokoza. "Ndimati mtima wawo uyambe wakhala m'malo."

Chaka chino zinthu zinavuta. Kunamveka kuti wopeka nyimbo yotsekerayo adzabwera yekha, ndipo idzajambulidwa. Mayi Wotchi ankafuna kuti kamodzi kokha m'moyo wake nyimboyo ithe monga inalembedwera. Anawaimika a Pambuyo pakhonde, anthu akuona, n'kuwauza kuti gawo lawo latengedwa ndi mtsikana wa chaka chachinayi. A Pambuyo anapukuta chibonga chija ndi mpango wawo, n'kuchipereka ndi manja awiri.

"Palibe kanthu, mayi. Kungoti apongozi anandizolowera."

Patatha masabata awiri anawapeza masana pampando wawo m'chipinda cha zoimbira, atatsamira khoma, tiyi atazizira m'kapu. Kumaliro woimba ng'oma wina ananong'ona kuti ulendo wokhawu ndiwo afulumira, ndipo anthu anaseka misozi ili m'maso.

Lolemba lotsatira gulu linayesera nyimbo ija dzuwa likuswa mtengo. Mayi Wotchi anatsitsa dzanja, mtsikana uja n'kumenya pa nthawi yake ndendende. Phokoso linatha. Aliyense anayamba kulongedza. Kenako chimbale chija chinalira chokha, chapansipansi, ngati munthu akuvomera moni pakhomo.

Mtsikanayo anali ataika kale chibonga patebulo.

"Ndi malole a pamsewu," anatero Mayi Wotchi.

Lachiwiri anatseka mawindo onse. Chinalira. Lachitatu anatulutsa ng'oma zonse zoyandikana nacho, poganiza kuti ndizo zikuchinjenjemeretsa. Chinalira. Lachinayi anachifunditsa bulangete mtsikanayo atangomenya, ndipo onse anaona bulangetelo likugwedezeka, mawu n'kutulukamo ngati munthu wolankhula ali m'tulo. Woimba mangolongondo anatulukira pawindo, nsapato imodzi n'kutsala.

"Amayi, ine ndinabwera kudzatenga digiri," anatero mtsikana uja. "Mawa akayankhanso, ndithawa pansanja pomwepo, wopeka nyimbo akuona."

Anthu atapita kukadya, Mayi Wotchi anatsala yekha m'holo. Anaima kutsogolo kwa chimbalecho, nkhope yake ikuoneka yopindika mumkuwamo, ndipo fungo la mafuta opukutira linali lidakalipo ngakhale kuti panalibe amene anapukutapo chimwalirireni a Pambuyo. Anachita manyazi kulankhula ndi chitsulo, koma mantha anaposa manyazi.

"Bambo, ndapota nanu. Ndinalakwa kukuuzirani pakhonde paja, ndikudziwa. Koma mawa lokha musandichititse manyazi. Mundimvere kamodzi kokha."

Chimbale chinangoti duu.

Lachisanu masana holo inadzaza. Alendo anagogoda miphika yawo, anavundula madzi m'mabeseni, ndipo wopeka nyimbo anakhala kutsogolo atapinda miyendo. Nyimbo yotsekera inayenda bwino zedi. Mayi Wotchi anatsitsa dzanja, mtsikana anamenya, mkuwa unabangula pamalo pake penipeni, kenako mawu aja anazilala.

Panalibe amene anawomba m'manja. Aphunzitsi, osesa, ophika ku kantini, onse amene anakhala m'holomo zaka makumi awiri, anali atazolowera kudikira. Mayi Wotchi nayenso anapezeka kuti dzanja lake likadali m'malere, khutu atalitchera kumbuyo kwa nsanja. Anameza malovu. Anawerenga mpaka khumi, n'kuyambiranso.

Sikunamveke kanthu.

Wopeka nyimbo ndiye anayamba kuwomba m'manja, akuti sanamvepo mathero oyera chonchi. Mayi Wotchi anawerama kuthokoza, misozi ikudonthera pansapato.

Masiku ano zonse m'chipinda cha zoimbira zimayenda pa nthawi yake. Makiyi ali pa msomali, ng'oma zili pamzere, ndipo palibenso amene amaseka nyimbo ikamatha. Mayi Wotchi ndiye amapukuta yekha chimbale chija. Ophunzira amati akamaliza amachipatsa moni, n'kuima pamenepo nthawi yaitali kuposa imene munthu wa wotchi angataye. Wina anamumva tsiku lina akudandaula motsitsa mawu:

"Zaka makumi awiri simunandimverepo, bambo. Munasankhiranji tsiku limenelo?"