Mkwatibwi pa Chiwongolero

Kanazima pakati pa chitunda. Sikanatsokomole, sikanachenjeze. Kanangoti zii, nthunzi n'kuyamba kutuluka m'mbali mwa boneti ngati wina wavundukula mphika wa kachewere.

Kumpando wakumbuyo kunali mwana wanga Agnesi, atavala diresi loyera ndi velo. Pambali pake mlongo wanga, adzakhali ake, atamugwirira maluwa. Kutsogolo ine, suti yobwereka, manja pa chiwongolero. Kuseri kwa chitunda belu la tchalitchi linali litayamba kulira.

"Achimwene, mwaimiranji?" anafunsa mlongo wanga.

"Kakupuma."

"Kapuma mpaka liti?"

Ndinapotokolanso makiyi. (Sindine munthu wa mawu ambiri. Tsiku limenelo anandithera msanga.)

Vuto linali ili. Bambo mfumu athu amadalitsa maukwati angapo pa Misa imodzi, ndipo sadikira munthu. Ukachedwa amakudumpha, udzabwerenso mwezi wina. Akatekisiti anatiuza mobwerezabwereza. Koma mbuzi zinali zitaphedwa kale, thobwa lili m'migolo, abale a mwamuna atafika kuchokera ku Ntcheu. Mwezi wina kunalibe.

Ndikuuzeni kaye za kagalimotoka.

Ndimalima kachewere kumtunda kwa Kasina. Ndinali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri, Kapiteni ndi Sajeni. Ndinazilera ndekha. Chaka china kachewere anabereka, mtengo n'kukomanso. Ndinapita ku Boma kukafuna pikapu yakale, poti kuyendetsa ndinaphunzira kalekale pa malole a matabwa m'Phiri la Dedza. Mayi a Agnesi anandiperekeza mpaka pamsewu akubwereza mawu amodzi: pikapu, pikapu.

Ndinabwera ndi kofiira.

Kafupi. Kodukira kumbuyo ngati nkhuku yothothoka mchira. Mimba pansi, matayala opyapyala ngati lamba, mipope iwiri ya utsi. Wogulitsayo anandikweza, n'kulowa nane pa tala wopita ku Lilongwe, n'kuponda. Msana wanga unamatirira kumpando. Mitengo ya paini inasanduka mpanda. Chibadwire ndinali ndisanamvepo zotero. Za kachewere sizinakwane, ndiye ndinagulitsa ngolo pamodzi ndi ng'ombe. Anagula ndi alamu anga a Fabiano, mlongo wawo wa mkazi wanga. (Munthu ameneuja sagula chinthu n'kukhala chete. Amagula kuti azikukumbutsa.)

Mayi a Agnesi anakazungulira kagalimotoko, n'kutsegula chitseko cha kumbuyo.

"Muno mulowa matumba angati?"

"Awiri."

"Enawo aziyenda pansi?"

Msewu wakwathu uli ndi msana pakati, chifukwa ngolo zinakumba m'mbali. Kofiira kankakhula mimba pamsana umenewo. Ndinayamba kuyenda ndi khasu, kumatsika n'kumasalaza. Anthu ankandithokoza, ankayesa ndi chitukuko.

Dzenje lililonse linkafuna tayala, ndipo matayala ake ku Boma kulibe. Oyilo kankamwa ngati thobwa, komanso osati oyilo wamba. Tsiku lina ndinathiramo wa pachigayo. A Saidi, makaniko wa ku Boma, ananunkhiza kachitsulo koyezera oyilo, n'kundiyang'ana ngati ndadyetsa khanda chimanga chokazinga.

"Akulu, aka n'kagalimoto ka pa tala. Kwawo kamadya bwino, kamagona m'nyumba."

"Konzani."

"Ndikonza. Koma chitsulo chake chichokera ku Joni. Mudikira."

Ndinadikira. Dzinja lonse kanakhala pansi pa mtengo wa mapichesi, nkhuku zikuusa mvula kunsi kwake. Kachewere wanga ankapita kumsika pa ngolo ya a Fabiano, ine ndikulipira. Kapiteni ankandiyang'ana. Ine ndinkayang'ana kumbali.

Sabata ya ukwati kagetsi kanayaka pafupi ndi chiwongolero. Ndinapita kwa a Saidi.

"Pampu ya madzi ikudontha. Musakwere nako chitunda."

"Kwathu n'zitunda zokhazokha."

"Ndiye kasiyeni pakhomo."

Sindikanakasiya. Agnesi ali pasukulu ku Kabwazi ndinkamupititsa pa ngolo, atakhala pamwamba pa matumba, anzake akumuseka. Tsiku limene ndinagula kofiira ndinamuuza kuti pa ukwati wako udzafika pa galimoto ya bambo ako. Ndimanena mawu ochepa, ndiye sindiwabweza. Ndinadzaza madzi. Pa kagetsi kaja ndinamata tepi yakuda. Kanasiya kundivutitsa.

Ndiye n'kumene tinali, pakati pa chitunda. Lole ya amayi inali itatsogola, mayi a Agnesi ali momwemo. Foni pamalo paja sigwira. Ndinatsegula boneti n'kuyang'anitsitsa. (Amuna tonse timatero. Palibe chimene timaona.) Ndinathira madzi a m'chigubu. Anatulukira pansi n'kuyamba kutsetsereka, kubwerera kunyumba.

Panadutsa njinga yamoto itanyamula nkhumba. Mlongo wanga anati mwana wa mchimwene wake sakhala pamene pachoka nkhumba.

Kenako ndinamva kulira kwa tayala la ngolo kumunsi. Ndinalidziwa. Lakumanzere, limalira choncho kuyambira kale. Anali a Fabiano, atasenza nkhuni ndi mabenchi a pa madyerero, poti madyererowo anali pabwalo la pafupi ndi tchalitchi. Kumtunda jekete ndi tayi, kumunsi magambutsi. Anaimitsa ng'ombe pambali pathu, osafulumira.

"Alamu, mwaimika kuti tikaone bwino? Tinakaona kale."

"Kazima."

"Aka? Kothamanga kaja? Si paja munati kuchoka ku Boma kufika pa Linthipe munthu sameza n'komwe malovu?"

"Muli ndi unyolo?"

"Ndili nawo. Ndinagula kwa munthu wina wake, pamodzi ndi ng'ombezi. Anali mlimi wabwino, Mulungu amukumbukire."

Agnesi anatsitsa galasi.

"Amalume, belu lalira. Mukasekana pa madyerero."

"Ndiye tsika ukwere ngolo, mwanawe. Iyi sipuma."

Mlongo wanga anasuzumira m'ngolomo. Sabata yonse inkatuta manyowa. Anayang'ana diresi, anayang'ananso ngolo, n'kupukusa mutu. Agnesi sanatsike. Anandiyang'ana kupyolera mu velo.

"Ababa anati ndidzafika pa galimoto."

Basi. Tinamasula ngolo, tinaika miyala kunsi kwa matayala ake, tinakoleka unyolo kutsogolo kwa kofiira. Ndinalowa n'kugwira chiwongolero. A Fabiano anakweza chikwapu.

"Tiye! Tiye, iwe!"

Sajeni anakoka. Kapiteni anaima nji. Goli linapendeka. Baluni imodzi mwa zimene atsikana anamanga pa galimoto inaphulika, ng'ombe zonse n'kulunjika m'munda wa kabichi wa eni ake. A Fabiano anakuwa, anakwapula, anatchula mawu amene munthu wopita ku Misa satchula. Sitinasunthe.

"Pachitunda pano zimandichita chonchi nthawi zonse," anatero akupukuta thukuta. "Zimakwera zikafuna."

"Mumazikalipira."

"Nanga ndizizipempha?"

"Kapiteni safuna chikwapu. Amafuna likhweru."

"Ndiye tsikani mudzaimbe likhwerulo, alamu."

"Chiwongolero agwira ndani?"

A Fabiano sadziwa kuyendetsa. Mlongo wanga anati iye ndi njinga yomwe ayi. Ndipo kunena zoona, chiwongolero chimenecho chigulireni munthu wina anali asanachikhudze. Ngakhale kuchipukuta ndinkapukuta ndekha.

"Ndigwira ine," anatero Agnesi.

"Iwe?"

"Ndinaphunzira ku Lilongwe, kuntchito."

"Osandiuza?"

"Mukanabisa makiyi."

(Ndikanabisadi.)

Belu linaliranso. Ndinatsika. Ndinavula jekete lobwereka n'kupatsa mlongo wanga. Agnesi anavula nsapato zazitali, anakwinya diresi m'manja, n'kukhala pampando wanga. Anausunthira kutsogolo. Ndinamva ngati andiponda chala.

Ndinapita kwa Kapiteni. Anandinunkhiza malaya, n'kupuma mwamphamvu. Ndinamukanda pakati pa nyanga. Sindinapepese, pamaso pa alamu sindikanatha. Ndinangoimba likhweru lija ndinkaimba m'mawa tikamapita kudimba.

Unyolo unakungika. Kofiira kanayamba kukwera.

Tikanafika bwino pakanapanda mwambo. Kwathu mkwatibwi amazolika. Saseka, saponya maso uku ndi uku, amayang'ana pansi. Mlongo wanga ndi amene anamulangiza zimenezo, ndipo sanafune kuti ntchito yake ionongeke pamsewu.

"Zolika, mwana iwe! Mkwatibwi satong'ola maso ngati wogulitsa tomato!"

Agnesi anazolika. Galimoto inalunjika kungalande.

"Yang'ana msewu!" ndinakuwa.

Anadzutsa mutu.

"Zolika! Anthu akukuona!"

"Dzutsa mutu!"

A Fabiano ankabwera kumbuyo atanyamula mwala woika kunsi kwa tayala ng'ombe zikaima. Kuseka kunali kutawafoola, mwala uja n'kumaugwetsa.

"Diso limodzi pansi, lina pamsewu, mwanawe! Usakhumudwitse mbali iliyonse!"

"Adzakhali, ndikazolikira m'tchalitchi," anatero Agnesi. "Ababa, chiwongolero chalimba!"

"Injini yazima. Limba nawenso."

Analimba. Manja a mwana wa mlimi.

Pamwamba pa chitunda msewu umawongoka mpaka kutchalitchi. Apo ndiye anthu anatiunjirira. Amayi ochokera kumadimba anatula mitolo n'kuyamba nthungululu. A Fabiano anachotsa maliboni pa galimoto n'kumanga ku nyanga za Sajeni, ati naye waitanidwa. Aliyense amene anali ndi foni anaikweza m'mwamba. (Mpaka lero ndimamva likhweru langa likulira m'mafoni a anthu pamsika. Sindifunsa.)

Tinalowa pabwalo la tchalitchi pa liwiro la ng'ombe. Maukwati ena anali atandanda kale pakhomo, kwaya itayamba nyimbo yolowera. Mkamwini wanga anali ataima yekha kumapeto kwa mzere, maso ali kumsewu, nkhope ngati ya munthu amene wataya mbuzi. Ataona ng'ombe anatsegula pakamwa. Ataona amene ali pa chiwongolero sanatsekenso.

Bambo mfumu anali atavala kale za Misa. Anayang'ana Kapiteni, anayang'ana kofiira, anayang'ana ine ndi ndowe za pa buluku lobwereka.

"Mwafika?"

"Tafika."

"Lowani."

Agnesi anakoka buleki ya pamanja, anavala nsapato, anatsika, n'kuzolika. Anazolika bwino kuposa akwatibwi onse a tsiku limenelo. Mlongo wanga anachita kulira.

Polowa ndinadutsa pafupi ndi mayi a Agnesi. Sananditembenukire. Anangonong'ona kumbali kwa pakamwa.

"Pikapu."

Ukwati unadalitsidwa.

Titatuluka, tinapeza anthu atazungulira kofiira. Ng'ombe zinali zitamangidwa pamthunzi pafupi pomwepo. Amalume a mkwati, munthu wa m'tauni wokonda magalimoto, anali atakhala pampando wanga. Makiyi Agnesi anawasiya momwemo. Munthu uja anangopotokola pang'ono. Kanalira. Kanalira bwino lomwe, mawu aja okoma a m'mipope iwiri, ngati palibe chinachitika. Kanali katazizira. Anthu anaomba m'manja.

"Akulu, aka n'kabwino!" anatero amalume a mkwati. "Kangofuna pampu basi. Simugulitsa?"

Mayi a Agnesi ananditsina pamkono.

A Fabiano anatsokomola.

"Inenso ndili ndi ng'ombe ziwiri zosamva za ine. Munthu wodziwa likhweru atabwera ndi mtima wabwino, tikhoza kukambirana. Ngolo ndi unyolo zomwe."

Agnesi anasiya dzanja la mwamuna wake n'kubwera pafupi. Analankhula motsitsa, maso ali pansi.

"Ababa, ndafika pa galimoto. Mawu anu mwasunga. Tsopano kagulitseni."

Onse anandiyang'ana. Injini inkangolira pang'onopang'ono. Dzuwa linali litawomba pa boneti, kufiira kuja kukuchita kunyezimira pansi pa fumbi. Ndinakumbuka mitengo ya paini itasanduka mpanda.

Ndinapisa dzanja pawindo, ndinazimitsa, makiyi n'kuika m'thumba. Ndinatsegula kumbuyo n'kutenga chigubu chija. Mjigo uli kuseri kwa tchalitchi.

"Bambo a Agnesi, mwamva zimene wanena mwana?" anafunsa mayi ake kumbuyo kwanga.

Kapiteni analira pamthunzi paja. Sindinacheuke. Ndinapita kukatunga madzi.